Mchirikizo wa phiko ukathyoka: kukonza n'kubwezeretsa kapena n'kusintha?

Mchirikizo wa phiko ndi kamtengo kapena kachitsulo kamene kamachokera m'munsi mwa thunthu la ndege n'kukagwira phiko cha pakati pake. Umapezeka makamaka pa ndege za mapiko apamwamba, monga Piper J-3 Cub, yomwe inkapangidwa ku Lock Haven m'chigawo cha Pennsylvania ku America kuyambira mu 1938 mpaka 1947, ndi Cessna 172, yomwe inauluka koyamba mu 1955. Anthu opanga ndi kuulutsa ndege zazing'ono zoyendetsa ndi rimoti amakonda kutengera ndege ziwirizi, choncho michirikizo ili m'gulu la zinthu zimene amakonza kawirikawiri. Ndege ikatera mopendekera nsonga ya phiko n'kukhudza pansi, kapena ikagwera m'tchire, chimene chimayamba kuthyoka nthawi zambiri ndi mchirikizo kapena malo amene unamangidwira. Ntchito yake si yaikulu, madzulo amodzi amakwana. Koma asanatsegule botolo la guluu, wokonza amayenera kusankha chimodzi: abwezere mchirikizo mmene unalili, kapena aulimbitse kuposa kale. M'chisankho chimenechi muli funso limene afilosofi akhala akukangana nalo kwa zaka zoposa 2,000, lakuti chimachititsa chinthu kukhala chomwecho n'chiyani, ndipo chingasinthidwe mpaka pati chisanasanduke china.

Woona ndege itaima pansi amaganiza kuti mchirikizo umanyamula phiko kuchokera m'munsi. Zimenezo n'zoona ndege ikakhala pansi basi. Ikangonyamuka, mpweya umakankhira phiko m'mwamba, thunthu n'kutsala likulendewera, ndipo mchirikizo umayamba kukokedwa. Pa ulendo wabwinobwino ntchito yake ndi kuletsa phiko kupindikira kumwamba, ntchito imene ngakhale waya wolimba akhoza kuigwira. Zinthu zimatembenuka ndege ikatera mwamphamvu, ikaulutsidwa chagada, kapena ikakumana ndi mphepo yoipondereza pansi. Apo phiko limatsika n'kupanikiza mchirikizo, ndipo kamtengo kakatali kopyapyala kakapanikizidwa kamayamba kukhotera kumbali kenako n'kuthyoka. Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, anasonyeza mu 1744 kuti katundu amene mtengo wotere ungapirire amadalira kwambiri kutalika kwake: ukafupikitsidwa ndi theka, umapirira katundu wochuluka kanayi. N'chifukwa chake pa Cub pali timichirikizo tating'ono tochokera ku phiko n'kukagwira ikuluikulu ija cha pakati. Timaoneka ngati tokongoletsa ndipo okonza ofulumira amatisiya, chonsecho ndi timene timagawa mchirikizo pawiri n'kuupatsa mphamvu imene ukanaipeza pokhapokha utanenepetsedwa kwambiri.

Pa ndege zazing'ono pali china choyenera kudziwa. Galileo, m'buku lake la mu 1638 lonena za kulimba kwa zinthu ndi kayendedwe kake, anafotokoza kuti chinthu chikachepetsedwa, kulemera kwake kumatsika msanga kuposa mphamvu zake. Cub yeniyeni ili ndi mapiko otambalala mamita 10.7 ndipo ikadzaza imalemera makilogalamu pafupifupi 550. Yochepetsedwa kanayi ili ndi mapiko a mamita 2.7, kulemera kwake, mwa masamu, kumatsika ka 64 n'kufika pa makilogalamu 8 kapena 9, pamene kunenepa kwa mitengo yake, kumene mphamvu zimadalira, kumatsika ka 16 kokha. Choncho ndege zing'onozing'ono zambiri, za mapiko a mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, zimauluka bwinobwino popanda michirikizo, ndipo imene ilipoyo ndi yongofananitsa ndegeyo ndi yeniyeni. Pa zazikulupo mchirikizo umanyamuladi katundu, ndipo ukamasuka m'mwamba phiko limapindika nthawi yomweyo. Buku la malangizo la wopanga limanena kuti ndi wamtundu uti. Amene akukonza asanadziwe zimenezi akhoza kutaya nthawi kulimbitsa chokongoletsa, kapena kumata mwachisawawa chinthu chimene chagwira moyo wa ndege yonse.

Mchirikizo wonyamula katundu umakhazikitsanso mmene phiko liyenera kukhalira. Ukatalika pang'ono nsonga ya phiko imakwera, ukafupika imatsika. Pa Cub ilipo iwiri mbali iliyonse, wakutsogolo ndi wakumbuyo, yokumana pansi ngati chilembo cha V, ndipo wakumbuyo ndi umene amapotolera nawo phiko pang'ono kuti nsonga zisamayambe kuleka kunyamula ndege liwiro likachepa. Mamilimita ochepa chabe osiyana pakati pa kumanja ndi kumanzere amakwana kuti ndege izipendekera mbali imodzi, kapena kugwetsa phiko limodzi mwadzidzidzi potera.

Kuthyoka sikuchitika kawirikawiri pakati pa mchirikizo. Malo ovuta ndi kumapeto, kumene kachitsulo kophwatalala kapena kandodo ka mazinga kanamatidwa m'kati mwa mtengo, ndiponso m'phiko momwemo. Mtengo wa balsa, umene wambiri umachokera ku Ecuador, ndi wopepuka zedi koma sugwira sikuluu, choncho opanga amamata kachidutswa ka pulayiwudi kapena ka mtengo wolimba ku mtanda wa m'phiko kuti bawuti igwire pamenepo. Ngozi ikachitika kachidutswako kamazuka, nthawi zina kali ndi zibenthu za mtanda. Wokonza wosamala amadula nsalu kapena pulasitiki yokuta phiko n'kuyang'ana m'kati, pakuti kumata kachidutswa pa mtanda wong'aluka n'kubisa bala. Pa ndege za injini ya mafuta amachotsa mtengo uliwonse umene wanyowa mafuta, chifukwa guluu sagwira pamenepo. Epoxy youma pang'onopang'ono, ya mphindi 30, imalowa bwino m'mtengo kuposa ya mphindi 5. Guluu wa cyanoacrylate, amene Harry Coover anamutulukira mu 1942 ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1958, amauma m'masekondi ochepa koma amasweka akagwedezeka kwambiri, ndipo wamba amasungunula mitundu ina ya fomu. Mtengo wothyoka pakati salumikiza mutu ndi mutu. Zidutswa zonse ziwiri amazisenga mopendekera, kutalika kwa posengapo kukhale pafupifupi kakhumi kuyerekeza ndi kunenepa kwa mtengo, kenako amamata n'kukulunga ulusi wonyowetsedwa ndi guluu.

Mpaka apa palibe mkangano. Mkangano umayamba wokonza akanena mawu amene amamveka pa bwalo lililonse loulutsira ndege zotere, akuti ulendo uno sithyokanso. M'malo mwa mtengo amaikapo chubu cha aluminiyamu chokhala ndi kandodo ka carbon m'kati, m'malo mwa bawuti ya nayiloni amaikapo yachitsulo, kachidutswa ka pulayiwudi amakanenepetsa kawiri, epoxy amapaka mosaumira. Mchirikizo wotere suthyokadi. Vuto ndi lakuti mphamvu ya ngozi sichepa chifukwa chakuti mchirikizo walimba. Imangodutsa n'kukafuna pena pofooka. Ikapita kumtunda imathyola mtanda wa m'phiko, ikapita kumunsi imang'amba thunthu pamene pali mawilo, batire ndi zida za rimoti. Ngozi imene ikanawononga kamtengo kamodzi imasiya ntchito ya milungu. Ndiponso kuthyokako kumakonda kuchitika pamene chigamba cholimba chathera, chifukwa pamenepo chinthu chosapindika chimakumana mwadzidzidzi ndi chopindika, ndipo katundu yense amaunjikana pa mzere umodzi. Okonza odziwa amasenga m'mphepete mwa chigamba kuti chizipyapyala pang'onopang'ono.

Chinanso ndi kulemera. Liwiro lochepetsetsa limene ndege ingaulukire limakwera ndege ikalemera. Ikalemera ndi 10 peresenti, liwiro limenelo limakwera ndi 5 peresenti kapena pafupi pamenepo, ndipo mphamvu imene imafika nayo pansi, poti imadalira kulemera ndi liwiro lomwe, imakwera ndi 21 peresenti. Palibe chigamba chimodzi chimene chimawonjezera 10 peresenti, koma pang'onopang'ono ndi mtolo: chigamba cha chaka chino, epoxy ya chaka chatha, ndi mtovu woikidwa kumphuno kuti ulinganize zonsezo. Ndege yolimbitsidwa kwambiri imatera mothamanga, imagunda mwamphamvu, n'kufunanso kulimbitsidwa. Carbon nayenso ali ndi zake: amatchinga mafunde a 2.4 GHz amene marimoti a masiku ano amagwiritsa ntchito akayandikana ndi kamlongoti kolandirira, ndipo akakhudzana ndi aluminiyamu pa chinyezi amaidyetsa.

Opanga ndege zimenezi anazindikira kale kuti chinthu chilichonse chili ndi pofooka pake, ndipo chimene munthu angasankhe ndi malo a pofookapo. N'chifukwa chake mapiko a ndege zophunzirira amamangidwa ndi timikombero ta mphira, ndipo pa zina amamangidwa ndi mabawuti a nayiloni. Zinthu zimenezi zimagwira mokwanira m'mwamba, koma nsonga ya phiko ikagunda pansi zimatamuka kapena kuduka, phiko n'kuchoka lathunthu. Zili ngati fyuzi ya magetsi m'nyumba: amene watopa nayo kupsapsa n'kulumikizapo waya wonenepa wathetsa kupsa kwa fyuzi, koma tsiku lina adzapsa ndi mawaya a m'khoma. Oliver Wendell Holmes, wolemba wa ku America, analemba ndakatulo yoseka mu 1858 yotchedwa The Deacon's Masterpiece, yonena za mkulu wa mpingo amene anapanga ngolo yopanda pofooka paliponse. Ngoloyo inayenda zaka 100 osakonzedwa, kenako inasweka yonse nthawi imodzi. Nthabwalayo ili ndi mfundo yoona ya umisiri: chinthu chopanda pofooka sichichenjeza ndipo sichisiya chokonza. M'Mauthenga Abwino a Mateyu, Marko ndi Luka muli fanizo la chigamba chatsopano pa chovala chakale. Phunziro lake ndi la chiphunzitso chatsopano ndi miyambo yakale, koma fanizolo limagwira mtima chifukwa chimene likunena pa nsalu n'choona: chigamba champhamvu kuposa pamene chasokedwa chimakoka nsalu yakaleyo n'kukulitsa chibowo.

Apa wina akhoza kuganiza kuti kulimbitsa n'kolakwika nthawi zonse. Ayi. Mchirikizo umakumana ndi akatundu a mitundu iwiri, wa m'mwamba ndi wa pa ngozi. Woyamba uyenera kumupirira nthawi zonse, ndi mphamvu zina zotsala. Wachiwiri uyenera kumugonjera mtanda usanagonje. Mchirikizo wabwino umakhala pakati pa malire awiriwa, ndipo mpata wake si waukulu. Ngati unamasuka kapena kukhota ndege ili m'mwamba, popanda kugunda kanthu, ndiye kuti unali pansi pa malire oyamba, ndipo kuubwezera mmene unalili n'kubwezera cholakwa. Chimodzimodzi mwini akaika injini yaikulu kapena batire lolemera, katundu wa m'mwamba wasintha ndipo mchirikizo uyenera kutsatira. Pa ndege zenizeni za Piper michirikizo yachitsulo inapezeka kuti imachita dzimbiri m'kati, cha kumunsi kumene madzi amakhazikika, ndipo bungwe la FAA loyang'anira za ndege ku America linalamula kuti iziyenderedwa pafupipafupi kapena isinthidwe ndi ina yotsekedwa kuti madzi asalowe. Palibe amene ananena kuti Cub yoikidwa michirikizo yatsopanoyo yaleka kukhala Cub. Choncho funso loyamba la wokonza ndi lakuti chinathyola mchirikizowu n'chiyani, ndipo yankho limaoneka pa chothyokacho: guluu wosagwira amasiya mtengo wosalala, pamene ngozi yeniyeni imasiya zibenthu.

Funso la afilosofi lija limalowa pamenepa. Wolemba wakale Plutarch analemba kuti anthu a ku Athens anasunga chombo cha ngwazi yawo Theseus mpaka m'nthawi ya Demetrius wa ku Phalerum, zaka zoposa 300 Khristu asanabadwe, akuchotsa matabwa owola n'kuika atsopano, ndipo anzeru a kumeneko anagawikana, ena akuti ndi chombo chomwecho, ena akuti ndi china. Ndege yaing'ono imene yauluka zaka zambiri imafika msanga pamenepa. Michirikizo yasinthidwa kangapo, phiko limodzi ndi latsopano, chokutira chonse chinachotsedwa n'kuikidwa china, injini ndi yachiwiri, rimoti ndi yamakono. Mwiniwake amaitchulabe dzina lomwelo ndipo amanena chaka chimene anaipanga, ngakhale mtengo wotsala wa chaka chimenecho ungakwane m'dzanja limodzi.

Thomas Hobbes, m'buku lake la De Corpore la mu 1655, anawonjezera mfundo yosautsa: bwanji wina atatola matabwa onse ochotsedwawo n'kumanga nawo chombo china, chenicheni chikhala chiti? Pa ndege zazing'ono funsoli si lakumwamba, pakuti okonza ambiri amasunga zidutswa m'katoni. Komabe zidutswazo zimayankha zokha. Zinachotsedwa chifukwa zinaleka kugwira ntchito, ndipo ndege yomangidwa ndi michirikizo yokhota ndi mitanda yong'aluka singanyamuke. Aristotle anasiyanitsa zimene chinthu chapangidwa nazo ndi kapangidwe kake, kamene kamachititsa zinthuzo kukhala chinthu chakutichakuti chogwira ntchito yakutiyakuti. John Locke, mu 1694, anagwiritsa ntchito ganizo lofanana nalo pa mtengo wamoyo: mtengo ukhalabe womwewo kuyambira uli mphukira mpaka utakula, ngakhale zonse za m'kati mwake zasinthika, chifukwa dongosolo la ziwalo zake likupitirira osaduka. Iye anayerekezanso nyama ndi wotchi, n'kunena kuti kusiyana kwake n'kwakuti wotchi imayendetsedwa ndi mphamvu yochokera kunja. Pa ndege yaing'ono, wopitiriza dongosolo kuchokera kunjayo ndi wokonza.

Koma kapangidwe ka ndege si maonekedwe ake okha, ndipo apa m'pamene mchirikizo ukuphunzitsa chimene chombo cha Theseus sichinena. Ndege ziwiri zikhoza kufanana pa chithunzi, zonse zachikasu ndi mzere wakuda m'mbali monga Cub imakhalira, koma imodzi n'kukhala yolemerapo, yotera mothamanga, yothyoka mtanda pamene inzake imangodula bawuti. Kapangidwe kenikeni kali m'kulingana kwa ziwalo: kulemera poyerekeza ndi kukula kwa mapiko, malo amene ndege imalinganira kutsogolo ndi kumbuyo, omwe pa ndege zambiri zotere amakhala pakati pa 25 ndi 33 peresenti ya m'lifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo, kupotoka kwa nsonga, ndiponso ndondomeko ya chimene chiyenera kuyamba kugonja. Ngati zili choncho, pakutuluka mfundo yodabwitsa. Wokonza amene wataya mchirikizo wakale n'kusema wina watsopano wa mtengo womwewo, kutalika komweko ndi kulemera komweko, wasunga ndege yake. Amene wasunga mchirikizo wakale, kuumata, kuukuta ndi carbon ndi kuumanga ndi chitsulo, wasunga mtengo koma wasintha ndege.

Mfundo imeneyi ili ndi malire ake. Ndege ya abale amapasa Walter ndi William Good, yotchedwa Guff, imene inapambana mipikisano ya dziko lonse la America ya ndege zoyendetsa ndi wailesi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ikusungidwa ndi National Air and Space Museum. Kumeneko kufunika kwake kuli m'mitengo yeniyeniyo imene manja a abalewo anaigwira, ndipo wosunga zakale amene angaisinthe mitengo kuti iulukenso angakhale atawononga. Ku Japan zili mosiyana: kachisi wa Ise amamangidwanso ndi mitengo yatsopano zaka 20 zilizonse, ndipo mu 2013 anamangidwa kachi 62, koma opembedza amamuona kuti ndi kachisi yemweyo chifukwa kamangidwe ndi mwambo wake zikupitirirabe. Zitsanzo ziwirizi zikusonyeza kuti funso lakuti chinthu ndi chomwecho kapena ayi silingayankhidwe munthu asananene kuti chinthucho akuchisungira chiyani. Ndege ya m'nyumba yosungira zakale ndi mboni ya zimene zinachitika, ndipo mboni siisinthidwa. Ndege ya pa bwalo ndi youluka, ndipo imakhalabe yomweyo malinga ngati ikuuluka monga inkaulukira.

Pali chotsutsa china cholimba kuposa chimenechi. Palibe kukonza kumene kumabwezeradi chinthu mmene chinalili, pakuti guluu ali ndi kulemera kwake, mtengo watsopano sufanana ndendende ndi wakale, ndipo wopanga woyambayo naye anali munthu wokhoza kulakwitsa. Bwanji kukhulupirika kwa wokonza kukhale kwa pulani ya pa pepala, pamene ngozi yamuonetsa chimene wojambula pulaniyo sanaone? Chotsutsachi chili ndi choonadi, ndipo mapulani ambiri anakonzedwa chifukwa cha zimene oulutsa anaona pa bwalo. Koma ngozi imaonetsa chinthu chimodzi chokha, malo amene pathyoka. Sionetsa zimene zapulumuka chifukwa chakuti pamenepo pathyoka. Wokonza amaona mchirikizo woduka m'manja mwake, koma mtanda wathunthu umene uli m'kati mwa phiko samauwerengera ngati phindu la kudukako. Mtima wofuna kulimbitsa umachokera pa kuona theka la nkhani. Kukhulupirika koyenera tsono si kwa pepala kapena kwa mtengo wakale, ndi kwa kulingana kwa ziwalo kumene pepalalo linkafuna kufotokoza. Pamene pepala linaphonya, wokonza ali ndi ufulu wosintha, bola adziwe kuti katundu amene wachotsa pano wamutumiza kuti.

Ubwino wa ndege yaing'ono ndi wakuti nkhani imene pa chombo cha Theseus inathera m'mikangano, pano imayesedwa. Guluu akauma, wokonza amaika ndege pa sikelo n'kuyerekeza ndi kulemera kwake kwakale. Amayeza michirikizo ya mbali zonse ziwiri ndi kutalika kwa nsonga za mapiko kuchokera pa tebulo, amaimika ndege pa zala ziwiri pansi pa phiko kuti aone ngati ikulinganira pamene inkalinganira, amakoka mchirikizo uliwonse ndi dzanja, n'kuthira mankhwala oletsa manati kumasuka ndi kunjenjemera kwa injini. Kenako pamabwera ulendo woyamba, wokwera ndithu kuti pakhale mpata wokonza cholakwika, ndi kuchepetsa liwiro pang'onopang'ono kuti aone ngati phiko limodzi likuyamba kugwa. Pa rimoti pali timabatani tolinganizira ndege kuti iziuluka mowongoka woyendetsa atasiya ndodo. Ngati ikuuluka mowongoka timabatanito tili pamene tinali ngozi isanachitike, ndipo ikutera pa liwiro lake lakale, ndege yabwerera. Ngati pakufunika kutisuntha kwambiri, kapena kuwonjezera mtovu kumphuno, ndiye kuti pa bwalopo pali ndege ina, ndipo woyendetsa ayenera kuiphunzira ngati yatsopano asanaiyese masewera amene ankachita ndi yakale.